Jezi Yoyera ya Dalton

Kuno kum'mawa kwa Texas, ku America, mkazi akanena kuti akusiya mwamuna wake, tauni yonse imamudya miseche mpaka chaka chithe. Koma akanena kuti akusamuka chifukwa cha mpira wa mwana, mpira wathu uno wonyamula ndi woponya ndi manja, anthu omwewo amabwera ndi mapikiapu awo kudzamunyamulira mipando. Twyla Haskew anabadwira konkuno, ndiye zimenezi sankafunika kuuzidwa. Atapeza ntchito yolandira odwala pachipatala cha mano ku Mabry, n'kupezanso kanyumba ka lendi kuseri kwa positi ofesi, anasankha bodza lopepuka kunyamula.

"N'chifukwa cha Dalton," anawauza amayi anzake Lamulungu lina, akutsuka mbale m'khitchini ya tchalitchi kwawo ku Dunlow. "Mkono wa mwanayu ukungowolera kuno. A Kochi Stubblefield safuna mpira woponya, iwo n'kungoti nyamula, thamanga, gwa. Ku Mabry amaponya, ndipo anthu a makoleji amabwera kudzaonera. Chaka chake chomaliza kusekondale ichi, ndimumane?"

Amayi aja anamuvomereza. Mmodzi yekha ndiye anapitiriza kupukuta mbale osatukula mutu, ndipo anali Mayi Stubblefield, akazi a kochiyo. Twyla anawaona ndithu, koma mtima wake unali kale pamsewu wa ku Mabry.

Mawu omwewo anauza mwamuna wake Royce. Royce anamvetsera ataima pakhomo, chipewa chili m'manja, kenako anati, "Mm."

Mwina mukufunsa kuti Royce analakwanji. Sanalakwe, ndipo apa m'pamene panali povuta. Sankamwa, sanatukulirepo munthu dzanja, anali dikoni, ndipo ali mnyamata anasewerera timu ya Dunlow monga anachitira bambo ake. Kuseri kwa nyumba anali ndi makola ataliatali a nkhuku, ndipo foni yake inkalira mafani oziziritsa makolawo akaima kapena madzi akasiya kutuluka. Foniyo ankaiyankha msangamsanga. Koma mkazi wake akayankhula, iye ankangoyankha kuti "Mm," kaya nkhani ndi ya denga lodontha, kaya ndi ya mtima. Tsiku la maliro a mayi ake a Twyla, pochokera kumanda, foni ija inalira. Royce anaimitsa galimoto pakhola n'kulowa, Twyla n'kutsala m'galimotomo ndi diresi lake lakuda, dzuwa likuswa mtengo, mpaka misozi inamuuma yokha. Mwamunayo atatuluka anangoti fani ina inaduka lamba. Kuyambira tsiku limenelo Twyla ankakhala m'nyumba muja ngati munthu wodikira basi.

Posamuka anatenga zochepa, kuti zioneke ngati za nyengo ya mpira yokha. Makatani anawasiya, zithunzi za pakhoma anazisiya. Koma atatsala pang'ono kunyamuka anatenga fosholo, n'kukazula chitsamba cha maluwa a rozi chimene mayi ake anabzala pafupi ndi khonde, n'kuchiika m'ndowa kuseri kwa mpando wa galimoto. Royce anali kumakola, kapena Twyla anaganiza choncho.

Masabata oyamba ku Mabry anali okoma ngati madzi ozizira. Dalton, mnyamata wamtali wa makutu ofiira, ankabwera kuchokera kubwalo ali thukuta kamukamu, akusimba za anzake atsopano amene ankadziwa kuwakha mpira. Anampatsa nambala seveni ndi majezi awiri, yabuluu ya masewero a pakhomo ndi yoyera ya masewero a koyenda. Mwambo wathu ndi woti Lachisanu, tsiku la masewero, jezi imene mnyamata sakuvala amaipereka kwa munthu wake kuti aivale pamabenchi. Ena amapatsa zibwenzi, n'kudzailanda zikakangana. Dalton, chiyambire kusewera, ankaipachika pampando wa mayi ake m'khitchini Lachisanu m'mawa, ndipo Twyla ankapita nayo kuntchito ataivala pamwamba pa bulauzi.

Ndiye Kochi Villarreal wa ku Mabry anamuitanitsa Twyla. Anali munthu wamfupi wojintcha, wosasiya kutafuna njere za mpendadzuwa n'kumalavulira makoko m'kapu.

"Mayi Haskew, khalani kaye pansi. Kodi ku Dunlow anthu munawauza kuti mukubwera kuno kudzatani?"

"Mpira wa Dalton."

Kochi anatsinzina ngati wamenya mutu pachitseko. "Munauza ndani?"

"Anzanga ochepa chabe. Kutchalitchi."

"Kutchalitchi. Bola mukanalengeza pa wailesi, mwina ena akanakhala atathimitsa." Analavula khoko. "A ku Dunlow akadandaula ku komiti ya aphunzitsi aakulu a chigawo chino. Mwana wosintha sukulu chifukwa cha mpira amakhala chaka chathunthu osasewera. Dalton chaka chake n'chomaliza, ndiye muwerengetsere nokha."

Lamuloli aliyense kuno amalidziwa, ndipo aliyense amadziwa polizembera. Mabanja amasamukira mpira chaka ndi chaka, koma mukawafunsa amati ndi ntchito, amati agogo akudwala, amati nyumba yakale inkadontha. Mawu akuti mpira sawatchula, ngakhale kutulo. Twyla yekha m'chigawo chonse ndiye anasamukira chifukwa china n'kunamizira mpira.

"Koma ntchito ndili nayo kuno," anatero Twyla.

"Imeneyo itithandiza pang'ono. Koma lamulo likutinso banja lonse lisamuke, osati theka. Bambo ake a mwanayu ali kuti?"

"Ali ndi nkhuku."

"Nkhuku azikazionera masana. Kugona azigona kuno. Majombo awo akhale pakhomo panu, mswachi wawo ukhale m'bafa, malaya awo akhale m'kabati. A komiti amafika osagogoda kawiri, ndipo amatsegula mpaka firiji. Masewero oyamba atsala pang'ono, mayi. Mwanayu akaphonya nyengo ino, a makoleji sadzamudziwa n'komwe kuti anabadwa."

Walira mvula walira matope. Twyla anaimbira foni mwamuna amene anamuthawa, n'kumupempha kuti adzakhale naye. Royce anati, "Mm," ndipo madzulo ake anafika ndi thumba la chakudya cha nkhuku lodzaza zovala, majombo ali m'khwapa. Anaima pakhonde n'kuyang'ana chitsamba cha rozi chimene Twyla anali atabzala pambali pa masitepe. Anachiyang'ana nthawi yaitali ndithu, kenako anapukuta mapazi n'kulowa.

Kanyumbako kanachepa. Royce ankafika dzuwa likulowa, kudya, kugona m'mphepete mwa bedi osatembenuka, n'kudzuka kusanache kubwerera kumakola. Fungo la nkhuku, limene Twyla anali atayamba kuliiwala, linalowanso m'mapilo. Mtima wake unali m'mwamba. Ankakolopa pansi poyera kale, ankasuntha tebulo n'kulibwezera pomwe linali, kuntchito ankatenga foni isanalire. Galimoto iliyonse yochedwa pamsewu ankaiyesa ya a komiti. Dalton yekha ndiye ankasangalala kuona makolo ake patebulo limodzi, ndipo chisangalalo chimenecho chinkamupweteka Twyla kuposa fungo lija.

A komiti anafika Loweruka masana, Royce ali kumakola. Anali awiri: Mayi Odom, mphunzitsi wamkulu wa sukulu ina ya m'chigawomo amenenso anali wapampando, ndi Bambo Wendell Cagle, munthu wa ku Dunlow amene anakulira limodzi ndi Royce. Mayi Odom anapepesa kaye, kenako anatsegula firiji, kabati, ngakhale kabokosi ka mankhwala m'bafa. Bambo Cagle sanavutike ndi zimenezo. Anangoima pakhomo n'kumagwedeza jombo limodzi ndi nsonga ya nsapato yake.

"Twyla, awa si majombo a Royce a Lamulungu awa?"

"Ndi majombo ake."

"Ee, ndikuwadziwa, ndinalipo pa ukwati wanu. A ntchito ali kuti?"

"A kumakola sachoka kumakola, Wendell. Ukudziwa za matenda a nkhuku."

"Zoona, zoona." Anamwetulira. "Nanga galu wanu uja? Kapena iyeyo sanamve kuti banja lasamuka?"

"Eni nyumba salola agalu."

"Ndadutsa kwanu dzulo. Makatani alipo, magetsi a pakhonde akuyaka, galu wanenepa. Nyumba yosamukidwa yosamalika chonchija sindinaionepo."

"Wendell Cagle, mwana wanga anakulakwira chiyani?"

Kumwetulira kuja kunatha. "Mwana wako tinamulera ndife. Chisoti chake choyamba cha mpira tinamuveka ndife, ali ndi mano a mkaka. Lero wakula, mwamutenga kuti adzatimenye pabwalo lathu lomwe. Ukufuna tiwombe m'manja?"

Mayi Odom anatsokomola n'kunena kuti komiti ikumana Lachitatu m'mawa, ndipo makolo onse awiri afike limodzi ndi mwana. Potsika masitepe anawerama n'kugwira tsamba la rozi uja. "Mwamuwokera nyengo yotentha," anatero. "Muzimuthirira kwambiri, apo ayi sagwira."

Atachoka, Twyla anazungulira kuseri kwa nyumba. Dalton anali atapachika tayala lakale panthambi ya mtengo, n'kumaponya mpira kuti udutse pakati. Ankaponya, kuthamanga kukautola, kubwerera, kuponyanso. Chiyambire dandaulo lija sankatha kukhala pansi. Ankadya ataimirira, ankaonera mafilimu a masewero akuyendayenda m'chipinda.

"Anena chiyani?" anafunsa osatembenuka.

"Lachitatu."

Mpira unagunda m'mphepete mwa tayala n'kudumphira m'tchire. Dalton sanautsatire. "Amayi, pepani."

"Wapepesa chiyani?"

"Mwasiya nyumba yanu chifukwa cha ine. Adadi akuyenda msewu wonse uja kawiri patsiku chifukwa cha ine. Ndipo mwina sindisewera n'komwe." Anapukuta nkhope ndi malaya. "Koma musadandaule. Nyengo ikangotha tibwerera kwathu, ndidzakunyamulirani mabokosi ndekha. Rozi wanuyo ndidzamubwezera pamalo pake."

Twyla anatsegula pakamwa. Mawu anafika pakhosi ndithu, koma anaona makutu ofiira aja, ndi momwe mwanayo anaimira mapewa ali m'mwamba ngati wasenza banja lonse, ndipo anachita mantha. Anamuuza kuti akatole mpirawo njoka zisanautenge, iye n'kulowa m'nyumba kukakolopanso pansi.

Lachitatu komiti inakhala m'laibulale ya sukulu ya Mayi Odom, pamatebulo ophatikiza, pakati pa mashelefu a mabuku a ana. Mbali ina kunali a ku Dunlow ndi malaya awo ofiira, mbali ina Kochi Villarreal wopanda njere zake, akungotafuna mlomo. Banja la Haskew linakhala pakati: Dalton atamanga tayi ya bambo ake, Royce atavala majombo aja a Lamulungu, foni ili pabondo.

Mayi Stubblefield anayamba. Sanawonjezere, sanachotse. Anabwereza mawu a m'khitchini ya tchalitchi monga momwe anatulukira, mpaka paja pakuti nyamula, thamanga, gwa. Ena anaseka pang'ono, amuna awo sanaseke. Kochi Stubblefield atapatsidwa mpata anangoti mwanayo amamukonda ngati wake, koma lamulo likamapindika kwa woponya bwino, ndiye kuti masukulu ang'onoang'ono angotseka mabwalo awo n'kudzalamo chimanga. Bambo Cagle anasimba za makatani, magetsi ndi galu.

Kenako Mayi Odom anatembenukira kwa Royce. "Bambo Haskew, kodi mumakhala ku Mabry?"

Kochi Villarreal anali atamuphunzitsa yankho, ndipo linali la liwu limodzi lokha. Koma dikoni ndi dikoni. Royce anayang'ana chipewa chake n'kunena kuti, "Ndimagonako."

"Ndafunsa za kukhala."

"Nkhuku zili ku Dunlow, mayi."

Kochi Villarreal anazyolika. Mayi Odom anayang'ana anzake a komiti, ndipo Twyla anaona mitu ikugwedezeka mofanana. Anaona bondo la Dalton likunjanja pansi pa tebulo, n'kuona likuima. Mwanayo anali atamva kale chigamulo chisanatuluke. Madzi akatayika sawoleka, ndipo Twyla anadziwa kuti akangoyankhula palibe chobweza, koma anapezeka ataimirira, mpando utakankhikira kumbuyo kwake.

"Mayi Odom, zimene anena Mayi Stubblefield n'zoona, ndinanenadi. Koma ndinanama."

"Munanama bwanji?"

"Sindinasamukire mpira. Ntchito ya ku Mabry ndinayamba kuifunafuna mwanayu asanadziwe n'komwe kuti Kochi Villarreal ndani." Anagwira m'mphepete mwa tebulo. "Ndinasiya mwamuna wanga. Ndinachoka osafuna kubwerera, ndipo sindibwerera. Ndinati ndi mpira chifukwa ndinkaopa pakamwa pa anthu, ndinkaopanso maso a mwana wangayu. Kukanakhala kuti ntchito ndinaipeza kumalo kopanda bwalo la mpira, ndikanapitabe."

Mayi Stubblefield anaika dzanja pakamwa. Twyla sanayang'ane kumanzere, kumene kunali Dalton.

Bambo Cagle ndiye anayamba kupeza mawu. "Apampando, ndi ulemu wonse, chaka chatha banja lina linatiuza kuti agogo ali pafupi kumwalira, koma agogowo tinawapeza akuvina pa ukwati. Anthu amanena chilichonse nyengo ikayandikira."

"N'zomveka," anatero Mayi Odom. "Bambo Haskew, inu zimenezi mumazidziwa?"

Foni ya Royce inalira pabondo pake. Anaiyang'ana, anaithimitsa, n'kuivundikira patebulo. Twyla anali asanaonepo zoterozo chikwatiwire.

"Ndinkadziwa," anatero.

"Anakuuzani?"

"Ayi. Ndinamuona akuzula rozi wa mayi ake. Ndinali pakhomo la khola." Anatembenuza chipewa m'manja. "Wendell, iwe umalima, ukudziwa. Munthu wopita kukaonera mpira miyezi itatu sazula chitsamba ndi mizu yomwe. Ndinati ndikhale chete, mwina chikakanika kugwira kumeneko achibweretsanso. Ndachiona dzulo. Chaphuka."

Anali mawu ambiri kuposa onse amene Twyla anamva kwa iye m'chaka chonsecho. Anamumvera chisoni, ndipo anamukwiyiranso, chifukwa munthu amene amaona chotere akanatha kuyankhula kalekale, pakhola paja, iye asanakweze ndowa m'galimoto.

A komiti ananong'onezana kwa kanthawi. Kenako Mayi Odom anavula magalasi. Anati makolo akapatukana, mwana ali ndi ufulu wosewera kumene akukhala ndi kholo lake, koma komiti silandira kupatukana kwa pakamwa. Nkhaniyo ikalembetsedwe kukhoti masewero oyamba asanafike. Ikalembetsedwa, Dalton asewera Lachisanu. Ikapanda kutero, chaka chake chatha.

Twyla ankaganiza kuti zimenezo adzazichita mtsogolo, mwana atapita kukoleji, anthu ataiwala. Anayang'ana Royce. Royce anayang'ana mwana wake, n'kufunsa Mayi Odom kuti, "Kukhoti amatseka nthawi yanji?"

Apa Dalton anaimirira. Anamasula tayi, anaipinda bwinobwino n'kuiika pafupi ndi foni ya bambo ake, ndipo anatuluka osamenyetsa chitseko. Twyla anafuna kumutsatira, koma Kochi Villarreal anamugwira mkono. "Musiyeni, mayi. Ndikudziwa kumene akupita, kuli mipira yambiri."

Kukhoti anapita pa galimoto ziwiri. Atamaliza, Royce anadutsira kukanyumba kaja kukatenga mswachi wake ndi thumba la zovala. Majombo anali atavala kale. Pochoka anati rozi uja asamuthirire masana dzuwa lili paliwombo, masamba angapse. Twyla anati akudziwa.

Dalton sanakalipe, ndipo bola akanakalipa. Ankabwera kuchokera kubwalo, kudya ataimirira, kutsuka mbale yake, n'kulowa m'chipinda. Twyla anayesa Lachinayi madzulo, ataima pakhomo la chipindacho.

"Dalton, ndimafuna ndikuuze ndekha. Tsiku lija kuseri kwa nyumba ndinatsala pang'ono."

"Munandisiya ndikupepesa, Amayi." Sanakweze mawu, ankamanga zingwe za nsapato zake za mpira. "Ndinkagona ndikuganiza kuti ndakuthyolerani banja ndine. Inu mukudziwa, n'kundiuza kuti ndikatole mpira."

"Ndinkaopa."

"Mm," anatero Dalton.

Lachisanu Twyla anadzuka mwana atapita kale kusukulu. Analowa m'khitchini n'kuyang'ana pampando wake. Panalibe kanthu. Anayang'ana pamipando ina, m'bafa, pachingwe choyanikira, ngakhale m'makina ochapira. Anadziuza kuti mwina mwanayo waiwala chifukwa cha mantha a masewero oyamba, ndipo anapita kuntchito ndi bulauzi yokha. Tsiku lonse anasokoneza mayina a odwala, mpaka dokotala anamuuza kuti aweruke msanga.

Madzulo bwalo la Mabry linadzaza mpaka kumpanda. Bandi inkaimba, utsi wa nyama yowotcha unali tolo, ana ang'onoang'ono akuthamangitsana pansi pa mabenchi. Amayi a osewera anakhala pamodzi monga mwa nthawi zonse, aliyense ndi jezi yoyera ya mwana wake, nambala zili mbuu kumsana. Twyla anakwera masitepe akufunafuna malo, ndipo m'pamene anamuona. Royce Haskew, amene chibadwire sanakhalepo mbali ya Mabry, anali pamzere wapamwamba yekhayekha, atavala jezi yoyera pamwamba pa malaya ake a kutchalitchi. Inamuthina pamimba, nambala seveni itatambasuka ngati ikufuna kung'ambika. Anakhala atawongola msana, manja ali pamawondo, ngati munthu amene amuveka chinthu chosachedwa kusweka. Atamuona Twyla, Royce anatukula chipewa pang'ono. Pambali pake panali malo a munthu mmodzi.

Twyla anaima pamasitepe mpaka anthu a m'mbuyo anayamba kumupempha njira. Kenako anatsika mizere ingapo n'kudzipanikiza kumapeto kwa benchi ina, pafupi ndi mayi wina wonenepa amene anali ndi belu la ng'ombe m'manja.

Anyamata anatulukira akuthamanga, ataboola chinsalu chachikulu cha pepala, zisoti zikunyezimira ndi magetsi. Mpira utayamba, nambala seveni anabwerera m'mbuyo, anayang'ana uku ndi uku modekha, n'kuuponya kutali kwambiri kumene kunalibe munthu. Mnzake anafika pomwepo mpirawo ukutsika, n'kuuwakha osachepetsa liwiro. Bwalo lonse linaimirira. Twyla anaimirira nawo, misozi ikutsika, chifukwa mkono umenewo unalidi woyenera kuonedwa, ndipo pamenepo pokha sananame.

Mayi wa belu uja analiza belu lake mpaka kutopa, n'kukhala pansi akupuma mwawefuwefu. Anayang'ana nkhope yonyowa ya Twyla, anayang'ana bulauzi yake kutsogolo, anasuzumiranso kumsana kufuna nambala.

"Ndinu achilendo kuno eti? Muli ndi mwana m'timumu?"

"Ee," anatero Twyla.

"Wanu ndi uti?"

Twyla analoza ndi chala.